Cipala, Ng'anjo, Mphala ndi Situdiyo: Kusiyanitsa Maina a Malo Ogwiriramo Nchito za Luso

1. Mau Oyamba

M'mabuku ambiri a sukulu muli mutu wochedwa "mau ofanana matanthauzo". Kawirikawiri mphunzitsi akafika pa mutu umenewu amalemba mau awiriawiri pabolodi, ana nakopera m'makope mwao, phunziro n'kuthera pomwepo. Njira imeneyi ndi yofulumira, koma imasiya mwana ndi maganizo olakwika akuti mau awiri angathe kulowana m'malo nthawi iliyonse popanda kusintha kanthu. M'cinenero ciliconse mau ofanana kotheratu ndi osowa. Mau amayandikana monga minda ya anthu a pacibale: mbeu zingakhale zofanana, koma munda uliwonse uli ndi malire ake ndi mwini wake.

Mutu uno ukufotokoza mfundo imeneyi pogwiritsa nchito gulu limodzi la mau, ndilo maina a malo amene amisiri ndi anthu ena a luso amagwiriramo nchito zao. Gululi lasankhidwa pa zifukwa ziwiri. Coyamba, ana ambiri masiku ano amamva mau monga cipala ndi ng'anjo m'nthano kapena m'chalichi, osaona ndi maso zinthu zimene mauwo akunena. Mphunzitsi akawauza kuti mau awiriwa ndi amodzi, ndiye kuti wathandiza kukwirira limodzi la iwo. Caciwiri, mau ena a m'gululi, monga dambwe, amakhudza mwambo, ndipo kuwagwiritsa nchito mosasamala kungadanitse sukulu ndi mudzi. Zitsanzo zambiri zatengedwa ku Petauke ndi ku Nyimba, kumene ana ambiri amalankhula Cinsenga kwao koma amaphunzira Cinyanja kusukulu.

2. Mafunso Anai Osiyanitsira Mau

Pofuna kudziwa malire a liu lililonse la m'gulu limeneli, mphunzitsi adzifunse mafunso anai awa:

(a) Kodi pamalopo pamacitika nchito yanji?
(b) Kodi ndani amaloledwa kufikapo, ndipo ndani saloledwa?
(c) Kodi liulo likunena za nchito, kapena likunena za mamangidwe a malowo?
(d) Kodi cinthu cimapangidwa pamalopo, kapena cimangoonetsedwa ndi kugulitsidwa?

Mau awiri akapereka mayankho osiyana ngakhale pa funso limodzi lokha, sitinganene kuti ndi ofanana. Tiyeni tiyese mafunsowa pa mau enieni.

3. Mtapo, Ng'anjo ndi Cipala

Mau atatuwa ndi a nchito ya citsulo, ndipo amatsatana monga mmene nchitoyo inali kuyendera kale.

Mtapo ndi malo okumbapo dongo kapena miyala ya citsulo. Liuli likucokera ku mneni kutapa. Pamtapo sapangapo kanthu, amangotengapo zipangizo.

Ng'anjo inali yomangidwa ndi dothi, yooneka ngati culu cacitali ca mphako m'kati. M'menemo amisiri ankaikamo makala ndi miyala ya citsulo mosanjikiza, nayatsa moto waukali umene unkalekanitsa citsulo ndi zinyalala zake. Mneni woyenda ndi ng'anjo ndi kusungunula kapena kuyenga. Ng'anjo inkamangidwa kuchire, kutali ndi mudzi, ndipo inali ndi miyambo yake: akazi sankafikako, ndipo amuna ogwira nchitoyo ankadziletsa kukhala malo amodzi ndi akazi ao mpaka nchito itatha. Luso losungunula linazilala m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, pamene makasu a m'masitolo ndi zitsulo zotha nchito zinayamba kupezeka mosavuta. Zotsalira za ng'anjo zakale zikuonekabe m'malo ena, monga m'nkhalango ya nyama ya Kasungu ku Malawi.

Cipala ndi malo a wosula. Pacipala pamakhala moto wa makala, mvukuto youzira motowo, nyundo, zopanira citsulo ca moto, ndi mwala kapena cidutswa ca njanji comenyerapo. Mneni wake ndi kusula. Citsulo cimafika pacipala ciri kale citsulo, ndipo cimacokapo ciri khasu, nkhwangwa, kasemasema, mpeni kapena mkondo. Mosiyana ndi ng'anjo, cipala cimakhala pafupi ndi mudzi, pansi pa mtengo kapena pacisakasa, ndipo mwini khasu angathe kukhala pambali namaceza ndi mmisiri podikira khasu lake. Ng'anjo yosungunulira citsulo inatha, koma cipala cikalipo: m'midzi ya ku Petauke ndi ku Nyimba osula amapanga nkhwangwa ndi mipeni kucokera ku zitsulo za magalimoto akutha.

Cipala cinathandizanso oimba. Mu 1961 katswiri wa nyimbo John Blacking anayendera dziko la Ansenga ku Petauke, nalemba za kalimba wao. Tizitsulo tolira ta kalimba timacita kusulidwa ndi nyundo kuti tiphwathalale, pamene thabwa lake limacita kusemedwa. Motero coimbira cimodzi cimadutsa m'manja mwa luso la mitundu iwiri.

Kusiyana kwa ng'anjo ndi cipala kumaonekanso pa matanthauzo okuluwika. Ng'anjo imakumbutsa kutentha koopsa ndi mayesero, monga m'nkhani ya anyamata atatu ya m'buku la Danieli. Cipala cimakumbutsa kukonza cinthu kuti cikhale ndi nchito. N'cifukwa cake timati koleji ndi sukulu yosulirako aphunzitsi, ndipo tingaiche cipala ca aphunzitsi. Munthu atati koleji ndi ng'anjo ya aphunzitsi, omva angaganize kuti akudandaula za mazunzo. Masiku ano liu la ng'anjo lasamukiranso ku njerwa, pakuti timati ng'anjo ya njerwa, ena amati uvuni. Palibe amene anganene kuti cipala ca njerwa.

Mphunzitsi wa makalasi a m'munsi asamalenso kuti ana asasokoneze cipala ndi cipatala kapena cipata. Mau atatuwa ndi abwino pophunzitsa maphatikizo ndi kalembedwe.

4. Malo a Woumba Mbiya

Luso loumba ndi lakale kwambiri m'cigawo ca Kum'mawa. Wofufuza za m'mabwinja D. W. Phillipson, amene analemba buku la mbiri yakale ya cigawoci mu 1976, anapatsa kaumbidwe ka mbiya ka kuno dzina la mtsinje wa Luangwa. Anaonetsa kuti kanayamba pafupifupi zaka 900 kapena 1,000 zapitazo, ndipo kanapitirira pakati pa Ansenga, Acewa ndi mitundu ina. Oumba ake ndi amai.

Cocititsa cidwi n'cakuti ngakhale luso limeneli ndi lakale motere, woumba alibe liu limodzi lochula malo ake a nchito monga mmene wosula aliri ndi cipala. Nchito yake imayenda malo angapo. Dongo amakalitapa kumtapo, kawirikawiri m'mbali mwa dambo kapena mtsinje. Kuumba amacitira pamthunzi kuseri kwa nyumba kapena pakhonde. Mbiya zimauma pang'onopang'ono pamalo opanda mphepo ndi dzuwa lambiri kuti zisang'aluke. Potsiriza amaziocha poyera, ataziunjikira nkhuni ndi makungwa. Conco mwana akalemba kuti agogo ake anaika mitsuko yao m'ng'anjo, mphunzitsi amufunse ngati anaonadi zimenezo. Kuochera mbiya m'ng'anjo kumacitika m'malo oumba a makono, monga Dedza Pottery ku Malawi, osati pamudzi.

Pamene palibe dzina lapadera, Cinyanja ciri ndi njira yake yopangira dzina la malo kucokera ku mneni. Timaika -ir- kapena -er- pa tsinde la mneni, ndi po-, ko- kapena mo- kumayambiriro:

kuumba: poumbira
kusula: posulira
kuluka: polukira
kujambula: pojambulira
kupala: popalira matabwa
kusema: posemera
kusoka: posokera

Ana aone okha lamulo lake: tsinde likakhala ndi a, i kapena u timaika -ir-, likakhala ndi e kapena o timaika -er-. Aonenso kuti posulira ndi cipala sizifanana kwenikweni. Posulira ndi pena paliponse pamene munthu wasulira, ngakhale kwa tsiku limodzi. Cipala ndi malo okhazikika, odziwika ndi mudzi wonse, okhala ndi mwini wake.

5. Mphala ndi Bwalo

Mphala ndi malo amene amuna a pamudzi amasonkhana kuti adye pamodzi, aceze ndi kugwira nchito za manja. Pamphala ndi pamene mnyamata ankaphunzira kusema mpini, kuluka dengu ndi licero la nsungwi, kusoka mphasa ya bango ndi kupota cingwe. Anzathu olankhula Cibemba ali ndi malo ofanana nao amene amawacha insaka. Liuli limasintha tanthauzo malinga ndi dera. M'madera ena mphala ndi nyumba yogonamo anyamata osakwatira, imene ena amati gowero, ndipo kwa Atumbuka a ku Lundazi ndi pamene akulu amakambirapo milandu. Mphunzitsi asanapereke tanthauzo, ayambe wafunsa mmene liulo limamvekera m'mudzi umene sukulu iri.

Mphala imasiyana ndi cipala pa funso loyamba ndi laciwiri. Cipala ndi ca nchito imodzi ndi mmisiri mmodzi. Mphala ndi ya nchito zambiri ndi amuna onse. Cipala cimadziwika ndi zida zake, pamene mphala imadziwika ndi anthu ake. Munthu angathe kukhala pamphala tsiku lonse osapanga kanthu, malowo nakhalabe mphala. Pano napo ana asiyanitse mphala, phala lakumwa, ndi mphale ya cimanga cokonola.

Bwalo ndi malo a poyera, osesedwa bwino, a mudzi wonse: amuna, akazi ndi ana. Funso lacinai ndilo limasiyanitsa bwalo ndi mau ena onse. Pabwalo sapangirapo zinthu. Amaonetserapo zimene zinakonzedwa kwina. Ng'oma amaisema ndi kuikunga kumbali, koma imalira pabwalo. Pa mwambo wa Tuwimba wa Ansenga a Mfumu Kalindawalo ku Petauke, ndiponso pa Kulamba kwa Acewa ku Mkaika m'boma la Katete, magule amene anthu amaonerera pabwalo amakhala atakonzedwa kwa masiku ambiri m'midzi. Tanthauzo limeneli la malo a poyera ocitikira zinthu pamaso pa anthu ndilo linabala bwalo la milandu ndi bwalo la mpira.

6. Dambwe, Liunde ndi Tsimba

Apa funso lofunika koposa ndi laciwiri: ndani amaloledwa kufikako?

Dambwe ndi malo obisika a Nyau, kawirikawiri m'nkhalango ya kumanda, kumene kumafika olowa Nyau okha. Kumeneko ndi kumene kumakonzedwa zonse za Gule Wamkulu ndi kulangizidwa anyamata. Liunde ndi malo ena obisika, apafupi ndi mudzi, kumene gule amayembekezera asanatulukire pabwalo. Motero mau atatu, dambwe, liunde ndi bwalo, ali ngati masitepe a ulendo umodzi: kocokera, podikirira ndi poonekera. Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ndi cimodzi ca cuma capamwamba ca cikhalidwe ca anthu pa dziko lonse. Kuchuka kumeneku sikunatsegule dambwe. Likadali malo a eni ake.

Tsimba ndi nyumba imene namwali amabindikiramo pa cinamwali, namalangizidwa ndi anamkungwi. M'malangizo amenewa muli luso la nyimbo, mavinidwe ndi zoumba za dongo zophunzitsira, koma colinga ca malowo ndi kulanga mtsikana, osati kupanga zinthu zoonetsa kapena zogulitsa. Amuna ndi atsikana osatha msinkhu saloledwa kulowamo.

Wophunzira wina wofuna kuonetsa kuti amadziwa mau akuya angalembe kuti dambwe ndi wekishopu ya Nyau, kapena angache cipinda ca zojambula ca pasukulu kuti dambwe. Zonse ziwiri n'zolakwika. Wekishopu ndi malo a malonda amene aliyense angalowemo ndi kufunsa mtengo, pamene mtima wa liu la dambwe ndi cinsinsi ndi ulemu kwa mizimu ya makolo.

M'kalasi ya ku Petauke mungakhale ana a Ansenga, amene Nyau si mwambo wa makolo ao, pamodzi ndi ana a Acewa, ena a iwo olowa kale. Mungakhalenso ana a mipingo imene imaletsa za Nyau. Mphunzitsi apereke tanthauzo lodziwika kwa onse, monga lalembedwa pamwambapa, ndipo alekere pomwepo. Asafunse mwana aliyense zimene zimacitika kudambwe kapena m'tsimba, asauze ana kujambula malowa, ndipo asalole kuti ena aseke anzao. Mwana wofunsidwa zotere pamaso pa anzake amaikidwa pakati pa mphunzitsi ndi akulu a kwao, ndipo mlandu wake ungafike kwa mfumu.

7. Msasa, Cisakasa ndi Khonde

Mau awa amayankha funso lacitatu. Sanena za nchito, koma za mamangidwe. Msasa ndi kanyumba ka nthambi ndi udzu komangidwa mofulumira kuti kakhale kwa nthawi yocepa, monga ka osema mitondo kapena oceka matabwa kuchire. Cisakasa ndi denga loimikidwa pa mitengo, lopanda zipupa, ndipo cingakhale zaka zambiri. Khonde ndi mbali ya nyumba kapena sitolo yochingidwa ndi denga la nyumbayo.

Cifukwa cakuti mauwa sanena za nchito, amafuna mau ena owathandiza. Timati cisakasa ca kalipentala, msasa wa asodzi, telala wa pakhonde. Cipala cingakhale pansi pa cisakasa, koma cisakasa si cipala. Wosula akasamuka, cipala capita ngakhale cisakasa citatsala. Woyenda pa mseu wa Great East kucokera ku Nyimba kupita ku Lusaka amaona pa mlatho wa Luangwa zisakasa zodzaza ndi madengu, mikeka ndi zipewa zoluka. Malo otere ndi ogulitsirapo, ngakhale kuti wogulitsa wina angamaluke podikira makasitomala. Ana angathe kukambirana ngati malowo ayenera kuchedwa msika kapena polukira, ndipo apereke zifukwa.

8. Mau Obwereka: Wekishopu, Situdiyo, Galaja ndi Fakitale

Nchito zatsopano zinabwera ndi maina ake. Mau obwerekawa si adani a Cinyanja, ndipo nao ali ndi malire amene ayenera kuphunzitsidwa.

Wekishopu ndi malo okhala ndi zida ndi makina opangira kapena kukonzera zinthu: ya kalipentala, ya woocherera zitsulo, ya pasukulu yophunzitsa nchito za manja. Liuli liri ndi tanthauzo laciwiri limene aphunzitsi amalidziwa bwino, ndilo msonkhano wa masiku ocepa wophunzitsana nchito. Ciganizo cakuti "Aphunzitsi apita ku wekishopu" cingatanthauze kuti akapalitsa thabwa, kapena kuti ali ku maphunziro kuboma. Nkhani yonse ndiyo imaonetsa tanthauzo loyenera.

Galaja ndi wekishopu ya magalimoto yokha. Galaja iliyonse ndi wekishopu, koma si wekishopu iliyonse imene iri galaja. Ici ndi citsanzo cabwino ca liu lalikulu lokhala ndi liu laling'ono m'kati mwake, monga mmene mtengo uliri ndi mlombwa.

Situdiyo ndi cipinda cojambuliramo. Popeza mneni kujambula amanena za zithunzi za kamera, za zithunzi za pamanja ndiponso za mau, situdiyo nayo iri ndi nkhope zitatu. Anthu ambiri a m'maboma anayamba kudziwa situdiyo ya zithunzi, kumene banja linkapita litavala bwino. Pali situdiyo ya nyimbo, monga dB Studios ya ku Lusaka kumene magulu ambiri a nyimbo za Zamrock anajambulira m'zaka za m'ma 1970. Palinso situdiyo ya wailesi, monga ya Breeze FM ku Chipata. Situdiyo imasiyana ndi wekishopu cifukwa imafuna bata ndi kuwala kapena mamvekedwe oyenera, pamene wekishopu imadziwika ndi phokoso, fumbi ndi utuci.

Fakitale ndi malo opangira zinthu zambirimbiri zofanana, kumene nchito imagawidwa kotero kuti palibe munthu mmodzi amene amayamba cinthu ndi kucitsiriza. Pacipala dzanja la mmisiri limadziwika, ndipo mlimi angathe kunena amene anasula nkhwangwa yake. M'fakitale dzanja la munthu silioneka.

Kusiyana kwa popangira ndi poonetsera kuliponso m'tauni. Ku Lusaka, nyumba yochedwa dzina la Henry Tayali, katswiri wa zojambula ndi zosema amene anabadwa mu 1943 namwalira mu 1987, imadziwika ndi zionetsero za nchito za aluso. Tingati ndi bwalo la zithunzi. Ku Kabwata Cultural Village amisiri amasema ndi kugulitsa pamalo amodzi. Ku Mua m'boma la Dedza, Kungoni Centre imene inayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 iri ndi posemera pake ndi nyumba yosungiramo za cikhalidwe payokha.

Vuto losiyanitsa mau otere si la Cinyanja cokha. Angelezi anabwereka liu la studio kwa Ataliyana, ndipo muzu wake ndi liu la Cilatini lonena za khama ndi kuphunzira. Liu lao la workshop likugogomeza nchito ya manja. Anabwerekanso atelier kwa Afalansa, liu limene muzu wake ukunena za tizidutswa ta mtengo totsala posema, ndipo amaligwiritsa nchito makamaka pa malo a mmisiri wamkulu wokhala ndi ophunzira ake. Nao amasankha liu poona nchito, anthu ndi ulemu wa malowo, monga mmene ticitira ife.

9. Pa, Ku ndi Mu

Cinyanja ciri ndi cizindikiro cina ca tanthauzo. Mmene timachulira malo zimaulula maonekedwe ake. Timati pacipala, pabwalo, pamphala, pakhonde, cifukwa malowa ndi a poyera. Timati m'ng'anjo, m'tsimba, m'situdiyo, m'fakitale, cifukwa ndi otsekeka ndipo ali ndi m'kati. Timakonda kunena kuti kudambwe ndi kumtapo, cifukwa ndi malo a kutali amene munthu amacita kupitako. Yerekezani ziganizo izi:

Anaika citsulo pacipala.
Anaika miyala m'ng'anjo.

Mwana akalemba kuti "m'cipala" kapena "m'bwalo la mudzi munali fumbi", mwina sakudziwa mmene malowo amaonekera. Cilemaco si ca galamala yokha. Ndi cizindikiro cakuti tanthauzo silinamveke.

10. Kaphunzitsidwe Kake

(a) Yambani ndi zimene ana akudziwa. Afunseni amisiri amene ali m'mudzi mwao ndi kumene amagwirira nchito. Lembani mau onse pabolodi, a Cinsenga omwe. Mwana amene amati munzi, manzi ndi vinthu m'malo mwa mudzi, madzi ndi zinthu sakulakwa kulankhula. Akulankhula cinenero ca makolo ake, cimene cinalembedwa kale m'buku la A. S. B. Ranger la mu 1928. Pangani mizere iwiri, wa Cinsenga ndi wa Cinyanja ca m'mabuku, ndipo muuzeni kuti pa mayeso a Cinyanja adzagwiritsa nchito mzere waciwiri, motsata kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro unavomereza mu 1977.

(b) Pitani nao kwa mmisiri. Ulendo wa theka la ola wokaona cipala kapena wekishopu ya kalipentala umaposa matanthauzo khumi olembedwa. Pemphani cilolezo kwa mmisiriyo ndi kwa mfumu ya mudzi pasadakhale. Phunzitsani ana kufunsa mwaulemu, atakhala pansi: "Zikomo agogo, kodi malo ano mumawacha ciani? Nanga cida ico dzina lake n'ciani?" Ana asayandikire moto kapena kugwira zida popanda kuuzidwa.

(c) Gwiritsani nchito mafunso anai aja. Jambulani bokosi la mizere pabolodi, mau kumanzere, mafunso pamwamba. Ana adzaze m'magulu, kenaka magulu ayerekeze mayankho ao. Pamene asemphana ndi pamene pali phunziro.

(d) Yesani kusinthanitsa mau. Lembani ciganizo colondola, cotsani liu limodzi ndi kuikapo lina loyandikana nalo, ndipo funsani cimene casintha. Mwacitsanzo, "Atate apita kucipala kukasulitsa khasu" ndi "Atate apita kung'anjo kukasulitsa khasu". Ana anene cifukwa cimene ciganizo caciwiri sicikumveka bwino.

(e) Pokonza zolemba za ana, musangodula liu ndi colembera cofiira. Lembani funso m'mbali, monga "Kodi pamenepa ankasungunula kapena ankasula?" Mwana akayankha yekha funsolo, sadzaiwalanso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mau asanu omveka bwino pa sabata ndi opindulitsa kuposa makumi awiri oloweza.

(f) Pokonza mafunso a mayeso, pewani funso lakuti "Perekani liu lofanana ndi cipala", pakuti liribe yankho loona. Funsani kuti "Siyanitsani cipala ndi ng'anjo", kapena perekani ciganizo cokhala ndi mpata kuti mwana asankhe liu loyenera.

11. Nchito ya Ophunzira Uphunzitsi

1. Pogwiritsa nchito mafunso anai a m'ndime yaciwiri, siyanitsani mau awa: mphala ndi bwalo, msasa ndi cisakasa, wekishopu ndi fakitale.
2. Pangani maina a malo kucokera ku aneni awa, ndipo fotokozani lamulo limene mwatsata: kupota, kufula, kuoca, kukhoma, kupenta.
3. Lembani ziganizo ziwiri zoonetsa matanthauzo awiri a liu la wekishopu, ndi zitatu zoonetsa matanthauzo atatu a situdiyo.
4. Mwana wa Giredi 6 wafunsa m'kalasi kuti, "Aphunzitsi, kodi kudambwe amacitako ciani?" M'kalasimo muli ana a Ansenga ndi a Acewa. Lembani mmene mungamuyankhire.
5. Pa nthawi yoyeserera kuphunzitsa, funsani akuluakulu a m'dera la sukulu yanu maina a malo ogwiriramo nchito za luso amene sanachulidwe m'mutu uno. Lembani liu lililonse, cinenero cake, tanthauzo lake ndi ciganizo cimodzi monga mmene mwinicinenero wacinenera.
6. Konzani cikonzero ca phunziro la mphindi 40 la Giredi 5 pa mutu wakuti "Cipala ndi Ng'anjo", cosonyeza zolinga, zipangizo, ndondomeko ndi mmene mudzadziwire kuti ana amva.